"INE MPIRA NDIMAUDZIWA": Za Kudzikhulupirira Kopyola Muyeso pa Njuga, Monga Tikuonera ku Gombe la Kachulu

Mau oyamba

Munthu wochoka mu mzinda wa Zomba kulowera kuvuma, akayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 30, amafika pa Kachulu, dooko lalikulu la kuzambwe kwa nyanja ya Chilwa. Pamenepo mpamene mabwato opita ku chilumba cha Chisi amanyamukira, ndipo mpamene asodzi amakocheza ndi matemba, makumba ndi milamba. Pa malo otere ndalama zimalowa m'manja tsiku ndi tsiku, ndipo zikalowa sizichedwa kutuluka. Kuyambira kale njuga ya makadi idali kuchitika mobisa kuseri kwa nyumba za pa dooko. Masiku ano njugayo idalowa mu foni ya m'manja, kotero kuti mnyamata wokoka khoka angathe kubetcha pa mpira wa ku England ali chikhalire pa mphepete pa bwato.

Ife amene tidachitako ntchito ya utumiki m'midzi ya m'mbali mwa nyanjayi tidazindikira chinthu chimodzi chodabwitsa. Munthu amene ndalama zake zathera ku njuga kawirikawiri sanena kuti adachita zopusa. Amati: "Abambo, ine mpira ndimaudziwa. Timu imodzi yokha ndiyo idandipha." Mau amenewa ndiwo atichititsa kulemba nkhani ino. Tifuna kulongosola m'mene munthu wanzeru ndithu amafikira podziyesa katswiri pa chinthu chimene chiribe ukatswiri, ndiponso chimene wansembe ayenera kudziwa asanayambe kumdzudzula.

1. Nyanja ndi mphunzitsi woona

Tiyambe ndi kuvomereza kuti msodzi wa ku Chilwa ali ndi luso lenileni. Nyanja imeneyi njosaya, ndipo iribe mtsinje wotulutsa madzi. Mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imathiramo madzi, dzuwa ndi mphepo nkumawaphwetsa. Motero nyanjayi imakula ndi kuchepa malinga ndi mvula ya chaka. Idauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idasanduka dothi long'aluka, mabwato ali gone pa mtunda. Munthu wodalira nyanja yotere ayenera kukhala watcheru. Amadziwa kuwerenga mwera ndi mpoto, amadziwa kumene makumba amathawira madzi akayamba kutsika, amadziwa potchera miono m'kati mwa mabango, ndipo ena amakhala masabata ambiri m'zimbowera, timisasa toyandama pa madzi, osasochera ngakhale usiku.

Kodi luso limeneli adalipeza bwanji? Akatswiri awiri a maphunziro a maganizo a munthu, Daniel Kahneman ndi Gary Klein, adalemba mu 2009 kuti munthu amakhala katswiri weniweni pokhapokha zinthu ziwiri zitakwanira. Choyamba, ntchito imene akugwirayo ikhale ndi malamulo ake osasinthasintha. Chachiwiri, munthuyo aziona msanga ndi mosabisika ngati walakwa kapena wakhoza. Nyanja imakwaniritsa zonse ziwiri. Mphepo iri ndi nyengo zake, nsomba ziri ndi makhalidwe ake, ndipo wotchera ukonde polakwika amabwerera ndi bwato lopanda kanthu m'mawa womwewo, anzake onse akuona.

Vuto limayamba pamene munthu atenga chikhulupiriro chimene adachipeza moyenera pa nyanja, nkupita nacho kumalo kumene sichigwira ntchito. Amati mumtima mwake: "Ine ndimalosera mphepo, nanga ndingalephere bwanji kulosera mpira?" Sazindikira kuti wasintha mphunzitsi. Wachoka kwa amene amamuuza zoona, wapita kwa wina amene amapindula ndi kumsyasyalika.

2. Bawo ndi njuga

Makolo athu adatisiyira masewera amene angatithandize kumvetsa kusiyana kumeneku. Pa bawo palibe mwayi. Nkhomo zonse ziri poyera, ndipo aliyense mwa osewera awiri akuona zimene mnzake akuona. Wodziwa kuwerenga mabowo ambiri patsogolo ndiye amapambana, ndipo mnyamata amene wagonja kwa mkulu kakhumi amadziwa bwino lomwe msinkhu wake. Bawo limachepetsa munthu wodzitama, ndiponso limakuza munthu wophunzira.

Njuga imavala zovala za bawo. Pa makadi munthu amasankha khadi loponya. Pa kubetcha mpira amasankha matimu, amawerenga m'mene adasewerera sabata yatha, amafunsa za wosewera amene wavulala. Pa masewera a mu foni aja a kandege kouluka amasankha nthawi yotulutsa ndalama zake kandegeko kasanathawe. Zonsezi zimamveka ngati ntchito ya nzeru. Koma pamene kandege kaja kadzathawire amasankha ndi makina, ndipo kuyang'anitsitsa manambala a maulendo apitawo sikuuza munthu kanthu za ulendo wotsatira. Pa mpira nzeru iriko ndithu pang'ono, koma monga tione kutsogoloku, nzeruyo kampani idaiwerengera kale mu mtengo.

3. Njira zinayi zimene mtima umadzinyengera

Njira yoyamba ndi kuyesa kuti chimene tasankha tokha tiri nacho mphamvu. Mu 1975 mai Ellen Langer wa ku America adagulitsa matikiti a mpikisano wa maere kwa anthu ogwira ntchito m'maofesi, tikiti imodzi dola imodzi. Ena adawalola kudzisankhira, ena adangowapatsira. Pambuyo pake adawapempha kuti agulitsenso matikitiwo. Amene adangopatsidwa adafuna madola osakwana 2, koma amene adadzisankhira adafuna madola opitirira 8, ngakhale mwayi wa matikiti onse udali umodzimodzi. Zaka zingapo m'mbuyo mwake, mu 1967, James Henslin adaona kuti oponya dayisi amaponya pang'onopang'ono akafuna nambala yaing'ono, ndipo amaponya mwamphamvu akafuna yaikulu, ngati kuti dayisiyo imamva dzanja.

Njira yachiwiri ndi kukumbukira mosankha. Tsiku limene munthu adapambana K50,000 limakhala nkhani ya pa dooko kwa mwezi wathunthu. Timandalama ta K500 ndi K1,000 timene adataya masiku ena onse palibe amene amatiwerenga, ngakhale mwini wake. Thomas Gilovich adasonyeza mu 1983 kuti obetcha mpira akapambana safunsa chifukwa, koma akagonja amathera nthawi yambiri kufotokoza kuti padachitika ngozi: woyimbira adakondera, mpira udagunda chitsulo, wosewera adatulutsidwa. Motero kupambana kumalembedwa kuti luso, kugonja kumalembedwa kuti tsoka, ndipo bukhu la mumtima limasonyeza phindu pamene thumba likusonyeza ngongole.

Njira yachitatu ndi kuganiza kuti mwayi uli ndi ngongole kwa ife. Munthu akagonja kasanu amati kachisanu ndi chimodzi nkake. Ku nyumba ya njuga ya ku Monte Carlo mu 1913, kampira ka pa gudumu lozungulira kadagwera pa malo akuda maulendo 26 motsatizana. Anthu adataya chuma chochuluka poika pa malo ofiira, poyesa kuti nthawi yake yakwana. Koma gudumu silikumbukira kanthu. Pano mpamene nzeru ya msodzi imamsokeretsa kwambiri, pakuti pa nyanja nzoona kuti chilala chimatha ndipo madzi amabwerera, monga adabwerera pambuyo pa 1968 ndi 1995. Makadi alibe dzinja ndi chilimwe.

Njira yachinayi ndi ija ya "timu imodzi yokha idandipha". Imeneyi ifunika kuiwerengera bwino.

4. Tiwerengere limodzi

Tiyerekeze kuti matimu awiri ngofanana mphamvu, ndipo imodzi iyenera kupambana basi. Mwachilungamo, woika K1,000 akapambana ayenera kulandira K2,000. Koma kampani imalonjeza zochepera, tinene K1,900. Anthu awiri akaika K1,000 aliyense pa matimu osiyana, kampani imalandira K2,000, imabweza K1,900, nkusunga K100, posayang'ana kuti yapambana ndi timu iti. Kampani siibetcha. Imagulitsa, monga wa golosale, ndipo phindu lake liri kale m'kati mwa mtengo.

Ndiponso mtengowo amaukonza ndi anthu ndi makompyuta amene ntchito yao yonse ndi imeneyo. Zimene mnyamata wa pa Kachulu akudziwa za Arsenal kapena Manchester United, iwo adazidziwa kale, nkuchepetsa malipiro a timu yamphamvuyo. Ku Quebec mu 2004 Michael Cantinotti, Robert Ladouceur ndi Christian Jacques adayesa anthu odziwa bwino masewera a hockey. Adapeza kuti anthuwo ankalosera bwino kuposa wongosankha mwachisawawa, koma pa ndalama sadapindule kuposa iye. Kudziwa mpira ndi kupindula pa kubetcha ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Tsono ambiri sakhutira ndi masewera amodzi. Amalumikiza masewera khumi pa tikiti imodzi kuti K200 ibale zikwi zambiri. Tiyerekeze kuti munthuyo ndi katswiri woposa, amene amakhoza kasanu ndi kawiri pa maulendo khumi alionse. Kuti akhoze masewera onse khumi pamodzi, tichulukitse 0.7 kakhumi, ndipo tipeza kuti pa matikiti 100 adzapambana pafupifupi 3 okha. Koma matikiti amene adzakhoza masewera 9 nkuphonya amodzi okha adzakhala pafupifupi 12. Ndiye kuti "kuphedwa ndi timu imodzi" kumachitika kanayi pa kupambana kumodzi kulikonse. Chimene munthu amachiyesa umboni wakuti watsala pang'ono kufika, ndicho chizolowezi chenicheni cha tikiti yotere. Ndipo mpira suchedwa kuchititsa manyazi odziwa: mu 2016 Leicester City idatenga chikho cha ligi ya ku England pamene makampani ankapereka 5,000 pa 1, ndipo mu 2022 ku Qatar, Saudi Arabia idagonjetsa Argentina 2-1, Argentina yomweyo nkudzatenga chikho cha dziko lonse.

Nkoyenera kukumbukira kuti masamu amenewa adabadwa chifukwa cha kudzikhulupirira kwa munthu wa njuga. Mfalansa wina wotchedwa Chevalier de Méré ankapindula pobetcha kuti nambala 6 ituluka kamodzi pa kuponya dayisi kanayi. Adaganiza kuti nzeru yomweyo igwiranso ntchito pa madayisi awiri oponyedwa maulendo 24, koma kuwerengera kwake kudali kolakwika: kubetcha koyamba kumapambana pafupifupi 52 pa 100, kwachiwiri 49 pa 100. Mafunso ake adafika kwa Blaise Pascal, amene mu 1654 adalemberana makalata ndi Pierre de Fermat, ndipo m'makalatamo mudachokera maphunziro owerengera mwayi. Ngati munthu wophunzira wotero adasokera ndi magawo atatu pa zana, nanga amene amawerengera pamtima ali wotopa ndi khoka?

5. Chimene Eklezia amaphunzitsa

Eklezia sanena kuti masewera a mwayi ngoipa mwa iwo okha. Katekisimu wa Eklezia Katolika wa mu 1992, pa ndime 2413, amaphunzitsa kuti amasanduka oipa pamene alanda munthu zimene zifunika pa moyo wake ndi wa anthu amene iye amawasamala, ndipo amachenjeza kuti chilakolako cha njuga chingathe kusanduka ukapolo woopsa. Ku Chilwa muyeso umenewu suvuta kuuona. Ndalama za nyengo ya nsomba zambiri ndizo ziyenera kudyetsa banja m'miyezi ya dzinja pamene makoka amaletsedwa kuti nsomba ziswane, ndizo zogulira ukonde watsopano, feteleza ndi zofunika za ana ku sukulu. Palibe ndalama yapadera yongoseweretsa.

Koma ife tikuona kuti muzu wa nkhaniyi suli pa lamulo lachisanu ndi chiwiri lokha. Thomas Aquinas woyera, mu gawo lachiwiri la Summa Theologiae, amalongosola tchimo la kudzikhulupirira kopyola muyeso pawiri. Pa funso 130 amati ndi kuyamba ntchito yoposa mphamvu zimene munthu ali nazo. Pa funso 21 amati ndi tchimo lotsutsana ndi chiyembekezo, pamene munthu adalira mphamvu zake kapena adalira chifundo cha Mulungu mosayenera. Mitundu iwiri yonseyi timaipeza pa njuga. Wina amati, "Ndimaudziwa mpira." Wina amaika tikiti pansi pa kolona, kapena kuiwaza madzi odalitsidwa, namati, "Mulungu akudziwa mavuto anga." Wachitatu amapita kwa sing'anga kukatenga chithumwa cha mwayi. Onsewa akufuna kulamulira chimene sichiri m'manja mwao, ndipo wachiwiri uja akuchita zimene Ambuye adakana pamwamba pa Nyumba ya Mulungu, pamene mdyerekezi adawauza kuti adziponye pansi (Mateyo 4:5-7).

Malembo Oyera amatipatsa chitsanzo mwa msodzi mnzao. Pa ntchito ya nyanja Petulo woyera adali woona: adavomera poyera kuti wagwira ntchito usiku wonse osapha kanthu (Luka 5:5). Koma pa mphamvu za mtima wake adadziyesa molakwa, nalonjeza kuti ngakhale ena onse athawe iye sadzathawa (Marko 14:29-31). Ankadziwa nyanja, koma ankadzidziwa pang'ono. Tambala atalira, ndiye adaona msinkhu wake weniweni. Ndipo pa gombe la Tiberiasi, Ambuye atamfunsa ngati amawakonda koposa anzake, sadadziyerekezenso ndi wina aliyense, adangotsamira pa zimene Ambuyewo akudziwa (Yohane 21:15-17). Kudzichepetsa kumene tikunena pano ndi kumeneku: munthu kudziwa malire a nzeru zake, ndi kuwavomereza.

Tiri nayenso woyera amene adadutsa m'moto womwewu. Camillus de Lellis, wobadwa mu 1550, adali msilikali wokonda makadi kwambiri. Mu 1574 ku Naples adataya zonse zimene adali nazo, mpaka zida zake za nkhondo. Adakalowa ganyu yomanga nyumba ya a Capuchin ku Manfredonia, ndipo adatembenuka mtima pa 2 February 1575. Pambuyo pake adayambitsa chipani chotumikira odwala, namwalira ku Roma mu 1614. Mbiri yake itiphunzitsa kuti kulimba mtima kwa munthu wa njuga sikufunika kuphedwa. Kufunika kutembenuzidwa kuti kugwire ntchito pamene kungabale zipatso.

6. Nanga wansembe achite chiyani?

Choyamba, asayambe ndi kunyoza. Munthu amene wauzidwa kuti ndi chitsiru amabwerera ku njuga kukatsimikiza kuti si chitsiru. Tiyambe ndi kulemekeza luso limene ali nalodi, kenaka timfunse: "Bambo, luso la pa nyanja adakuphunzitsani ndani? Nanga la pa tikiti akukuphunzitsani ndani, ndipo iye amapindula mukatani?"

Chachiwiri, timpemphe kulemba. Atenge kope, alembe ndalama iriyonse imene waika ndi iriyonse imene walandira kwa mwezi umodzi, osasiyapo ngakhale imodzi. Amene amalipira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba ali nawo kale mauthenga mu foni. Kope limeneli limachita zimene nyanja imachita: limaonetsa bwato monga liriri. Ambuye omwe adati wofuna kumanga nsanja ayambe wakhala pansi nkuwerengera (Luka 14:28-30).

Chachitatu, tisiyanitse kulakwa ndi matenda. Madokotala a ku America adalemba njuga yosaletseka m'gulu la matenda a maganizo mu 1980, ndipo bungwe la World Health Organization limaiwerenganso motero. Munthu amene amabetcha kuti abweze zimene adataya, amene amanama kwa mkazi wake, amene wapinyolitsa ukonde kapena njinga, safunika uphungu wa mphindi zitatu m'nyumba yolapira. Afunika kuyenda naye nthawi yaitali, kuti ndalama azisunga wina wa m'banja, ndipo pena afunika thandizo la achipatala. Apa miphakati yathu ndi magulu osunga ndalama a m'midzi angathandize kuposa ulaliki. Tisaiwale mkazi ndi ana, amene amanyamula ngongole imene sadaitenge.

Chachinayi, tidziwe kuti nkhaniyi siinathere pa munthu mmodzi. Kubetcha mpira kudafalikira msanga m'dziko muno kuyambira cha mu 2015, ndipo mu 2022 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano limene lidabala bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority loyang'anira njuga zonse. Lamulo limaletsa ana osakwana zaka 18. Koma uthenga wotsatsa malonda umene umauza mnyamata kuti nzeru zake za mpira zingamlemeretse umafika pa wailesi ndi pa foni tsiku lirilonse. Eklezia ali ndi udindo wolankhulapo, makamaka m'malo mwa anthu amene nyanja ikauma alibe pena pothawira.

Mau otsiriza

Tingalakwe kwambiri titaganiza kuti nkhaniyi ikukhudza asodzi okha. M'seminale ndi m'nyumba za ansembe nafenso timakonda mpira, tiri ndi mafoni, ndipo ena a ife timasunga ndalama za parishi. Munthu wophunzira ali pa ngozi yaikulu, chifukwa ali ndi mau ambiri ofotokozera kugonja kwake. Amene adakhoza mayeso a filosofi angathe kudziyesa wodziwanso za chuma, za zomangamanga ndi za mitima ya anthu, osafunsa wina aliyense. Akulu adati ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Tsono tisanapite ku Kachulu kukauza ena kuti alembe m'kope, aliyense wa ife adzifunse kuti ndi ntchito iti imene amadziyesa katswiri popanda womuuza zoona, ndipo ndani amene adampatsa chilolezo chomuuza akalakwa.